Khadi ya mawondo a bambo Chisale

Mpaka lero ndikamadutsa pamalo othirira mafuta a ku Al Duhail, kuno ku Doha m'dziko la Qatar, ndimayang'ana kumbali. Malowo alibe mlandu. Mlandu ndi wanga, ine amene ndinaimirira pamaso pa abale (pafoni, koma ndinaimiriradi) n'kuchitira umboni chinthu chomwe sindinachimvetse, kenako n'kusankhira munthu wamkulu khadi ya chipatala yosagwirizana ndi matenda ake. Ndikulemba izi kuti mwina wina asadzachite zomwezi, ngakhale ndikukayika, chifukwa ambiri a ife tinaleredwa mofanana.

Ndimagwira ntchito ya ulonda pa geti ya nyumba zingapo zomwe zili mumpanda umodzi. Pagulu lathu la mapemphero la Amalawi ndine mlembi, udindo womwe ndinaulandira modzichepetsa pakamwa koma mumtima ndikuvina. Nthawi ya korona, matchalitchi atatsekedwa, tinkapemphera pafoni Lachisanu lililonse, wina ali m'chipinda ku Al Asmakh, wina akunong'ona "Ameni" m'khitchini ya abwana ake ku Nuaija. Wamkulu kuposa tonse anali bambo Chisale, dalaivala wa imvi zambuu, wa ku Dowa, munthu wosalankhula zambiri. Zaka makumi asanu ndi limodzi anali atazidutsa, koma chiwongolero ankachigwira ngati mnyamata.

Chaka chomwecho lamulo linasintha, munthu n'kumatha kusintha ntchito popanda kalata ya abwana akale yomumasula. Bambo Chisale anachoka ku kampani ya mabasi komwe anakalambira, n'kulowa ntchito pabanja lina la mumpanda womwe ndimalonda (ndine ndinawanong'oneza za mwayiwo, ndipo ndinkazitchula kawirikawiri kuposa mmene zinafunikira). Inali ntchito yabwino: chipinda chawochawo, galimoto yozizira bwino, madamu waulemu. Koma anali pa miyezi yoyesedwa, ndipo aliyense kuno amadziwa kuti dalaivala wokalamba akaoneka wodwaladwala, tikiti yobwerera kumudzi sichedwa. Iwo ankafuna agwire kaye mpaka nyumba yawo ya ku Mponela ifoleredwe, pakuti mayi Chisale ankalera zidzukulu m'nyumba yodontha.

Atachoka ku kampani ija, khadi yawo ya chipatala inathera pomwepo. Ku zipatala za boma kunali piringupiringu wa korona, kupeza tsiku loonana ndi dokotala kunali kovuta, ndiye madamu anati awagulira inshuwalansi. Anawapatsa timabuku titatu tochokera kwa ejenti n'kunena kuti asankhe imodzi, iye alipira. Bambo Chisale anabwera nato pa geti atatipinda m'thumba la malaya.

"Mlembi," anatero (dzina langa sankalitchula), "tizilembo iti tikundiwawa m'maso. Tandionereni."

Abale, ndinamva ngati ndadzozedwa. Ndinawauza kuti asadandaule, nkhaniyi ndiitengera kwa Ambuye. Ndinasala kudya tsiku lotsatira, ndikuwerenga timabukuto pakati pa kutsegula ndi kutseka geti, mpaka kudula mizere ndi cholembera chofiira ngati mmene ndimachitira ndi Malemba.

Chachikulu m'timabukumo chinali chomwe amati netiweki, kutanthauza zipatala zomwe zinagwirizana ndi kampaniyo. Ukapita kwina, khadi yako imasanduka kapulasitiki wamba kotokosera m'mano. Khadi yoyamba inali ndi zipatala zambiri, kuphatikizapo china chachikulu chokhala ndi madokotala a chiwalo chilichonse cha munthu. Koma inali ndi miyambo yake. Sungangolowa kwa dokotala wamkulu, uyambe waonana ndi wamng'ono kuti akulembere kalata, ndipo ulendo uliwonse uziwonjezerapo kangachepe kochokera m'thumba mwako. Yachitatu ndinaitaya msanga, chifukwa inkati munthu wachikulire adikire miyezi yambiri isanayambe kumuthandiza pa matenda omwe anabwera nawo. Ndinaona kuti imeneyo ndi khadi ya anthu omwe sakufuna kudwala chaka chino.

Yachiwiri ndiyo inandikopa. Zipatala zake zinali zochepa, tizipatala tating'ono, koma kamodzi kanali pafupi ndi ife, ndipo sunkalipira kanthu pakhomo. Pa za mafupa, msana ndi mawondo inali yowolowa manja modabwitsa. Panali chithunzi cha agogo achizungu akupalasa njinga akumwetulira. Pansi penipeni panali mawu akuti madokotala a matenda ena a m'kati mwa thupi sapezeka mu netiweki imeneyi. Ndinawaona mawuwo. Sindinganame kuti sindinawaone. Sindinawadule mzere basi.

Ndinadziwa kuti ndiyenera kufunsa mwini thupi. Ndinawapeza akupukuta galimoto, ndinavula chipewa, n'kuyamba kuzungulira.

"Bambo, m'thupimu mukupeza bwanji masiku ano?"

"Tikuthokoza Mulungu."

"Ee, tithokozedi. Koma palibe penapake pomwe pamakuvutaniko?"

Anasiya kupukuta n'kuyang'ana tayala. Tsopano ndikudziwa kuti pamenepo khomo linali litatseguka pang'ono. Ine ndinaona ngati akusinkhasinkha Mawu.

"Aa, ukalamba basi," anatero. "Mawondo awa."

Mtima wanga unadumpha. Mawondo! Ndinamva kuti Ambuye ayankha kusala kwanga, pakuti khadi ya mawondo inali kale m'manja mwanga. Sindinafunsenso china. Kwathu mwana safunsa bambo ake zopitirira pa lamba, ndipo bambo Chisale anali msinkhu wa bambo anga ondibereka.

Komabe, pofuna kuoneka wosamala, ndinati tsiku langa la ofu tikazione zipatalazo ndi maso, ngati azondi aja anatumidwa kukaona dziko asanalilowe. Madamu analoleza galimoto. Tinanyamuka m'mawa, aliyense masiki kukamwa, ine timabuku pamiyendo.

Sitinapite patali, bambo Chisale anakhotera pamalo othirira mafuta. Ndinayang'ana muvi wa mafuta, unali pamwamba.

"Ndidikireni pang'ono," anatero, n'kuzimiririka kuseri kwa sitolo.

Anakhalitsa. Ndinawerenga kabuku kachiwiri konse kachikenanso. Pobwera nkhope yawo inali yonyowa, manja onyowa, maso ofatsa ngati a munthu amene watula katundu. Tinaona chipatala choyamba, n'kuyamba ulendo wopita ku chachiwiri. Anaimanso. Potuluka ku chachiwiri anaimanso, ndipo ulendo uno anayenda mofulumira kwambiri moti ndinadabwa kuti mawondo aja apita kuti.

Apa ndi pomwe nzeru zanga zinandipereka. Kuno kuseri kwa malo othirira mafuta kumakhala zinthu ziwiri zoyandikana: chipinda chopemphereramo, ndi chimbudzi. Chikwangwani chimaloza mbali imodzi. Munthu wina aliyense akanaganiza za chachiwiricho. Ine, amene ndinali nditangosala kudya, ndinaganiza za choyamba. Sindinaganize kuti akulowa m'chipinda cha Asilamu ayi, koma ndinati apeza kangodya kachete kuseriko, komwe amakatula mtima wawo. Ndinati mkuluyu waona anzathuwa akugwada kasanu pa tsiku, nsanje yoyera yamugwira. Ndinakumbuka mneneri uja ankatsegula zenera lake katatu pa tsiku m'dziko lachilendo, ndipo ndinaona kuti pano pali woposa iyeyo. Misozi inalengeza m'maso mwanga, magalasi n'kuchita nthunzi chifukwa cha masiki.

Atabwerera ulendo wina ndinawagwira dzanja.

"Bambo, mwandiphunzitsa chinthu lero."

"Chiyani?"

"Musanene. Atate amene amaona zobisika akuona."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako analiza galimoto.

Chipatala chachikulu chija, cha khadi yoyamba, tinangochiona chapatali. Bambo Chisale anachepetsa liwiro n'kufunsa, "Umu ndiye muli madokotala onse?" Ndinati ee, koma n'zamwambo wambiri, makalata, ndiponso kulipira pakhomo, pomwe inu vuto lanu ndi mawondo. Anati "Hmm." Ndinamva ngati avomereza.

Titasankha, panatsala kulankhula ndi ejenti pafoni. Anali mwamuna wa ku India wolankhula mothamanga ngati akuthamangitsidwa, ndiye tinagwirizana kuti ine ndizimasulira. Tinakhala m'kanyumba kanga ka pa geti, foni pa tebulo, mawu ake akumveka kwa tonse. Shuga? Ayi. Kuthamanga kwa magazi? Ayi. Mtima? Uli bwino. Mawondo? Ndinayankha ndekha ndi chimwemwe chachikulu. Kenako munthu uja anafunsa, mosaphethira n'komwe, ngati bamboyo amavutika potaya madzi, ngati amadzuka pafupipafupi, ngati amatuluka mosavuta.

Thukuta linandituluka pomwe makina oziziritsa akulira. Ndiwafunse bambo Chisale zimenezo? Ine? M'Chichewa? Ndinakumbuka ana awiri aja a m'Malemba amene anatenga nsalu n'kuyenda chafutambuyo kuti asaone umaliseche wa bambo wawo, ndipo anadalitsidwa. Ndinasankha kukhala mmodzi wa iwo.

"Akufunsa ngati mumagona bwino," ndinatero.

"Ndimagona," anayankha bambo Chisale, maso ali kudenga.

"Palibe vuto," ndinauza ejenti.

Khadi inabwera, yokongola, ya buluu. Ndinaipempherera ndisanaipereke.

Ndikanalekera pomwepo, manyazi anga akanakhala a anthu awiri okha. Koma Lachisanu lotsatira, itafika nthawi ya maumboni, ndinatsegula maikolofoni. Ndinauza abale kuti pakati pathu pali munthu amene satha mtunda wautali osapatuka kukalankhula ndi Mlengi wake. Ndinafotokoza za nkhope yonyowa. Ndinafotokoza za liwiro lomwe amathamangira kumalo obisika, kuiwala ndi mawondo omwe. Ndinadzudzula achinyamata (ndi ine ndemwe, mwaulemu) kuti timathamangira foni koma sitithamangira pemphero. Anthu anafuula "Ameni" mpaka mawu kudukaduka. Mayi wina wa ku Nuaija analira. Pa kachithunzi ka bambo Chisale panangooneka denga la chipinda chawo.

Kuyambira tsiku limenelo foni yawo sinapume. Abale ankatumiza zopempha. "Bambo, mukapatukanso mundikumbukire, abwana akundivuta." "Bambo, mwana wanga akulemba mayeso." Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, Madalitso, yemwe amagwira ku hotela ndipo sakhulupirira chinthu asanachigwire, anandifunsa akusita malaya:

"Akulu, munawaona akugwada?"

"Zinthu zauzimu sizioneka ndi maso, Mada."

"Ine agogo anga ankapatukanso choncho popita kumunda. Sankabwerako ndi vesi."

Ndinamuuza kuti ndimupempherera.

Ndinayesanso kutsanzira. Ndinatchera alamu kuti izilira pafupipafupi, ikalira ndizipita kuseri kwa kanyumba kukagwada. Zinayenda masiku ochepa, mpaka tsiku lomwe galimoto ya madzi inaima pa geti ikuliza hutala ine ndili pakati pa kupembedzera dziko la Malawi. Supavaiza anandiuza kuti Mulungu wanga ali ndi angelo ambiri, koma geti ili ndi mlonda mmodzi.

Tsiku lomwe zonse zinaululika linayamba bwinobwino. Dzuwa linali litangokwera, ndikumwa tiyi, pomwe ndinaona bambo Chisale akubwera wapansi. Sankayenda ngati munthu wa mawondo. Ankayenda atawerama, dzanja pansi pa mimba, akuima, akuyendanso. Nkhope inali yotuwa.

"Mlembi, itanani takisi."

"Mawondo?"

"Itanani takisi."

Anali atauza madamu kuti akupita kukaonetsa mawondo. Ndinasiyira geti mnzanga wa ku Nepal, tinakwera. M'takisimo sanakhazikike. Ankakhalira mbali iyi, n'kutembenukira mbali inayo, akugwira chitseko, akuchisiya. Ine ndinayamba kupemphera chamumtima, ndikudzudzula mzimu wa nyamakazi.

Pa kachipatala kathu ka netiweki mlonda anafuna kuona mafoni, pakuti masiku amenewo sunkalowa paliponse foni yako isanaonetse mtundu wobiriwira wosonyeza kuti ulibe korona. Yanga inaonetsa. Ya bambo Chisale inayamba kuzungulira, kuzungulira, iwo akupondaponda pansi ngati pali moto. Itabiriwira analowa okha kwa dokotala. Sanachedwe. Anatuluka ndi kapepala, namwino akuwatsatira, n'kundiuza kuti pano dokotala wa vuto limeneli palibe, tipite kwina msanga.

"Vuto lanji?" ndinafunsa. "Pa khadi analemba kuti mawondo mumachiza."

Namwino anayang'ana bambo Chisale. Bambo Chisale anayang'ana khoma.

Panja, podikira takisi ina, anatsamira mtengo wa magetsi n'kulankhula osandiyang'ana.

"Mwana wanga, madzi sakutuluka. Kuyambira dzulo."

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna mpopi. Kenako ndinamvetsa. Zonse zinabwera nthawi imodzi: malo othirira mafuta, manja onyowa, liwiro lija, agogo ake a Madalitso, umboni wanga, mayi wa ku Nuaija akulira. Ndinalakalaka nthaka ya Qatar itatseguka, koma ndi mwala wokhawokha.

Chifukwa cha mantha ndinauza wa takisi kuti atipititse kuchipatala chachikulu chija, chokhala ndi madokotala onse. Ndinkadziwa kuti khadi yathu si ya kumeneko, koma ndinati mwina chifundo chipezeka. Polandirira alendo panali galasi lalikulu, kuseri kwake mtsikana wa ku Philippines wovala masiki ndi chotchinga china kumaso. Pansi anamata zizindikiro zoti aliyense aime patali ndi mnzake, ndipo pa chizindikiro chilichonse panali munthu. Chipinda chonse chinali zii.

Ndinapereka khadi pa kabowo. Anaitembenuza, anagogoda kompyuta, n'kupukusa mutu. Anati khadi imeneyi si ya netiweki yawo, tikafuna tilipire tokha zonse. Kenako anafunsa kuti vuto n'chiyani.

Ndinawerama n'kunong'ona.

"Sindikumva, bwana."

Ndinanong'onanso mokwezako, ndikuyesa kuzungulira. Ndinati bambowa ali ndi vuto la kumunsi. Anafunsa ngati ndi phazi. Ndinati ayi, chapamwamba. Anafunsa ngati ndi bondo. Kumbuyo kwanga bambo Chisale anabuula.

"Kwezani mawu, bwana, pali galasi."

Abale, ine amene ndinalephera kumasulira funso limodzi m'kanyumba kotseka muli anthu awiri, ndinaima pakati pa Aarabu, Amwenye ndi Azungu, ndinakoka mpweya, n'kufuula m'Chingerezi ndi mawu omwe ndimatsogolera nawo nyimbo:

"Bambo anga akulephera kukodza!"

Mawuwo anagunda galasi n'kubwerera. Mwana wina anafunsa mayi ake kanthu. Mkulu wina wa mkanjo woyera, wa ndevu zaimvi, amene anali pa chizindikiro chakutsogolo, anatembenuka, anayang'ana bambo Chisale, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono ngati wakumana ndi mnzake wa kunkhondo. Mtsikana uja sanaseke. Anaimirira n'kunena kuti zimenezi sizodikira, tisataye nthawi ndi makadi, tithamangire kuchipatala cha boma ku mbali ya odwala mwadzidzidzi, kumeneko awalandira. Mkulu wa mkanjo uja anatifulumizitsa m'Chiarabu, "Yala, yala," akutikankhira kukhomo ndi manja.

Ku boma anawalandiradi. Ine sanandilole kulowa chifukwa cha korona, ndiye ndinazungulira pabwalo loimika magalimoto dzuwa likundiwotcha, ndikulephera kukhala, ndikulephera kupemphera mwadongosolo. Ndinkangoti, "Ambuye, mwaona." Anawaika kapaipi, madzi anatuluka. Dokotala anawauza kuti ndi kachiwalo kena ka amuna komwe kamatupa munthu akamakula n'kutsekereza njira, ndipo ndi vuto la akuluakulu ambiri. Anawapatsa mankhwala n'kunena kuti azionana ndi dokotala wa zimenezo pafupipafupi. Dokotala amene khadi yanga ya buluu inalibe.

Pobwerera tinakhala kumbuyo kwa takisi ngati anthu ochokera kumaliro. Ndinayamba ndine.

"Bambo, ejenti uja sanafunse za tulo."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa?"

"Ndayendetsa Azungu ndi Amwenye zaka zonsezi, mukuganiza Chingerezi chimenecho sindinachimve? Ndinamva. Ndinaona mwalilumpha funsolo, ndinati mwana uyu analeredwa bwino."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Kwa inu? Msinkhu wa mwana wanga wachiwiri?" Anapukusa mutu. "Ndiye munakalalikiranso. Ndikanati chiyani Lachisanu lija? Abale, si pemphero, ndi chikhodzodzo?"

Ndinaphimba nkhope ndi manja. Ndinati ndiwauza abale kuti ndinalakwitsa, asiye kukuvutitsani ndi zopempha.

"Asiyeni," anatero. "Ndinkawapemphereradi."

Ndinachotsa manja.

"Munthu ukaima m'menemuja nthawi yaitali, osatuluka kanthu, umachita chiyani? Poyamba ndinkangotukwana khoma. Mutandiikira anthu pamutu ndinayamba kuwatchula mmodzimmodzi. Mwana wa mayeso uja ndinamutchula pamalo onse othirira mafuta a mu Doha."

Chinatsala ndi chomwe ankachiopa kuposa kapaipi: madamu. Khadi inafunika kusintha, ndipo wolipira anali iye. Kubisa kunali kosathekanso. Bambo Chisale anati akanene okha, koma atafika pakhomo la khitchini anaima n'kundikodola. Ndinapita nditagwira chipewa, ndikudziwa kuti mawu anga akhoza kuwatumiza ku Mponela nyumba isanafoleredwe. Poti ndinali nditafuula kale pamaso pa mitundu yonse, pakamwa panali patamasuka. Ndinanena zonse mwachindunji, ndi za funso lomwe ndinalilumpha.

Madamu anamvetsera ali chiimire. Kenako anakhala pampando n'kuyamba kuseka mpaka kugwira pamtima.

"Walahi, ndikulumbira, ine ndimati amasuta fodya!" anatero. "Tikapita kukagula zinthu, waima. Tikapita kwa amayi, waima. Ndinkanunkhiza m'galimoto osamva kanthu. Ndinauza amuna anga kuti mkuluyu amabisa bwino, koma mwezi ukatha tifune wina, sindifuna wosuta pafupi ndi ana."

Ntchito yomwe bambo Chisale ankaiteteza pokhala chete inali itatsala pang'ono kutha chifukwa cha kukhala chete komweko.

"Bambo anga ali ndi vuto lomweli," anapitiriza madamu. "Amalinena patebulo tikudya, mpaka timawaletsa. Inu Amalawi, bwanji osangonena?"

Tinayang'anana, aliyense akudikira kuti mnzake afotokoze.

Ejenti sanasangalale. Anandikumbutsa kuti ndine ndinati palibe vuto, ndipo ndinavomera kangapo, mokweza, madamu akumvetsera. Anakangana naye m'Chingerezi ndi m'Chiarabu mpaka anagwirizana kuti bambo Chisale asamukire ku khadi yoyamba ija, ya miyambo yambiri, matenda awo atalembedwa poyera. Mtengo unakwera, ndipo zina anati ayambe adikira, koma dokotala wa vuto lawo anali mu netiweki. Tsiku lokatenga kalata kwa dokotala wamng'ono ndinawaperekeza, ndipo nditafunsidwa vuto ndinayankha msanga kwambiri moti bambo Chisale anandigwira mkono.

"Pang'onopang'ono, mlembi. Pano palibe galasi."

Khadi ya buluu ndinaisunga ine. Ili m'buku langa la nyimbo, imandisungira tsamba.

Mankhwala anagwira ntchito. Miyezi yoyesedwa inatha, madamu sanafune wina. Lachisanu lina, nthawi ya maumboni, ndinaona maikolofoni ya bambo Chisale yatseguka, chinthu chomwe sichinachitikepo. Ndinati lero ndiye andiyalutsa, ndipo ndikuyenera.

"Abale," anatero, "ndikuthokoza Mulungu. Masiku ano ndikumachoka ku Al Duhail mpaka ku eyapoti osapatuka ngakhale kamodzi."

Abale sanadziwe ngati ndi umboni kapena kulapa. Mayi wa ku Nuaija anati chapansipansi, "Tiwapempherere, abwerera m'mbuyo." Madalitso, amene anali pambali panga, analuma pilo.

Ine ndekha ndinafuula "Aleluya!"

Ndikanakonda kunena kuti ndinaphunzira. Pa za makadi ndinaphunziradi: tsopano ndimayamba kuwerenga pansi penipeni, pa tizilembo tonena zomwe mulibe, ndipo sindikhulupirira agogo opalasa njinga. Koma sabata yatha bambo anga ondibereka anaimba kuchokera kumudzi. Mng'ono wanga akuti tiwalowetse pa sikimu ya chipatala, ndipo poti ndine wodziwa, ndisankhe ndine. Mayi anali atandinong'oneza kale kuti masiku ano bambo satha ulaliki wonse ali m'tchalitchi, amatuluka kawiri kapena katatu.

Ndinakonzeka. Ndinapemphera. Ndinaima kuseri kwa kanyumba, ndinakoka mpweya ngati tsiku la pagalasi lija.

"Bambo, m'thupimu mukupeza bwanji?"

"Tikuthokoza Mulungu. Mawondo basi."

Ndinatsegula pakamwa. Ndinatseka. Ndinafunsa za mvula, ndinafunsa za mbuzi, ndinafunsa ngati feteleza wafika. Nditadula foni ndinawoloka msewu wa mumpanda, ndinawapeza bambo Chisale akupukuta galimoto, ndinavula chipewa n'kuwapatsa nambala.

"Ndi amsinkhu wanu," ndinatero. "Muwafunse ndinu."